Morihei Ueshiba

Morihei Ueshiba (14 Disembala 1883 – 26 Epulo 1969) anali katswiri wa maluso omenyana wa ku Japan amene anayambitsa aikido. Anthu ochita aikido amamutchula kuti Kaiso, kutanthauza woyambitsa, kapena Ōsensei, kutanthauza mphunzitsi wamkulu. Ali mwana ankadwaladwala, ndipo unyamata wake wonse anauthera pofunafuna mphamvu. Anakhalapo msilikali, mlimi komanso mtsogoleri wa anthu okatsegula mudzi watsopano. Anaphunzira luso la Daitō-ryū kwa Takeda Sōkaku, kenako analowa chipembedzo cha Ōmoto. Pophatikiza zimenezi anapanga luso lopanda mipikisano, lomwe cholinga chake ndi kugonjetsa woukira popanda kumuvulaza, komanso kulimbitsa thupi ndi maganizo a wophunzirayo. Masiku ano aikido imaphunzitsidwa m'mayiko ambiri padziko lonse.

Ubwana ndi unyamata

Ueshiba anabadwira m'mudzi wa Nishinotani, womwe tsopano ndi mbali ya mzinda wa Tanabe, m'chigawo cha Wakayama, m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa Osaka. Anali mwana wachinayi wa Yoroku Ueshiba ndi mkazi wake Yuki, ndipo mwana wamwamuna m'banjamo anali yekhayo. Bambo ake anali mlimi wopeza bwino, amene anakhala khansala wa m'mudzimo kwa zaka zambiri.

Mwanayo anali wofooka ndipo ankakonda kukhala m'nyumba n'kumawerenga. Maphunziro ake oyamba anachitira pakachisi wa Chibuda cha Shingon, kumene anayamba kukonda mapemphero ndi miyambo ya chipembedzo. Poopa kuti mwana wawo akula wonyentchera, bambo ake anamulimbikitsa kusambira ndi kulimbana ndi anzake pa masewera a sumo. Ankamufotokozeranso nkhani za kholo lawo Kichiemon, amene ankatchuka ndi nyonga. Tsiku lina mnyamatayo anaona bambo ake akumenyedwa ndi anthu otumidwa ndi adani awo pa ndale, ndipo zimenezi zinamuwonjezera mtima wofuna kukhala wamphamvu.

Ataphunzira kuwerengera masamu pa chipangizo cha mikanda chomwe amalonda a ku Japan ankagwiritsa ntchito, anagwirako ntchito pang'ono mu ofesi ya msonkho. Mu 1901 anapita ku Tokyo, kumene anatsegula bizinesi yogulitsa mapepala ndi zolembera ndi ndalama za bambo ake, ndipo madzulo ankaphunzira jūjutsu. Chaka chisanathe anadwala beriberi n'kubwerera kwawo. Matendawa amayamba chifukwa chosowa vitamini B1 m'thupi, ndipo amafooketsa miyendo ndi mtima. Anali ofala kwambiri m'mizinda ya ku Japan pakati pa anthu odalira mpunga woyera wopunthidwa kwambiri, koma pa nthawiyo vitaminiyu anali asanadziwike. Atachira anakwatira Hatsu Itokawa, yemwe ankadziwana naye kuyambira ali ana.

Usilikali

Mu 1903 anaitanidwa kukalowa usilikali, koma anabwezedwa chifukwa msinkhu wake sunafike pa masentimita pafupifupi 157 omwe ankafunika. Olemba mbiri yake amasimba kuti anakhumudwa kwambiri, moti ankapita kuphiri kukalendewera panthambi za mitengo atamangirira zinthu zolemera kumiyendo kuti atalikeko. Atayesedwanso anatengedwa. Anadziwika msanga ndi luso lomenya ndi mpeni womangirira kumfuti, anatumikira pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa Russia ndi Japan ya mu 1904 mpaka 1905, ndipo anakwezedwa kukhala sajeni. Pa masiku opuma ankapita ku Sakai kukaphunzira luso la Yagyū-ryū kwa Masakatsu Nakai.

Atachoka ku usilikali anabwerera ku Tanabe kukalima. Bambo ake anamumangira dojo, yomwe ndi nyumba yophunziriramo maluso omenyana, ndipo anaitana mphunzitsi wachinyamata, Kiyoichi Takagi, kuti azimuphunzitsa judo. M'zaka zomwezo anagwirizana ndi katswiri wa zachilengedwe Minakata Kumagusu potsutsa mfundo ya boma yotseka tiakachisi ta m'midzi n'kutiphatikiza ndi akachisi akuluakulu.

Ku Hokkaido

Boma la Japan linkalimbikitsa anthu kukatsegula malo pachilumba chozizira cha Hokkaido, kumpoto kwa dzikolo. Mu 1912 Ueshiba anatsogolera anthu pafupifupi 80 ochokera kwawo kupita kudera la Shirataki. Moyo kumeneko unali wowawa. Zaka zoyambirira sanakolole bwino, ndipo zinthu zinayamba kuyendako atayamba kudula ndi kugulitsa matabwa. Mu 1917 moto unawononga mbali yaikulu ya mudziwo. Ntchito yogwetsa mitengo ndi kuzula zitsa inamulimbitsa thupi kwambiri, ndipo anthu anamusankha kukhala khansala.

Mu 1915, ali panyumba ya alendo ya Hisada m'tauni ya Engaru, anakumana ndi Takeda Sōkaku, mphunzitsi wa Daitō-ryū. Takeda anali wamfupi ndiponso wamkulu kwa iye ndi zaka zoposa 20, koma Ueshiba sanathe kumugonjetsa ngakhale anali ndi nyonga zambiri. Anakhala pomwepo pafupifupi mwezi wathunthu akuphunzira, kenako anaitanira Takeda kunyumba kwake, n'kumamulipira ndi kumutumikira. Njira zambiri za aikido zopinda mfundo za manja, zogwetsa ndi zopanikizira munthu pansi zinachokera ku Daitō-ryū.

Ku Ayabe ndi chipembedzo cha Ōmoto

Chakumapeto kwa 1919 analandira uthenga woti bambo ake akudwala mwakayakaya. Anasiyira Takeda nyumba ndi katundu wake wambiri n'kunyamuka. Ali panjira anapatukira ku Ayabe, pafupi ndi Kyoto, kukapempha mapemphero kwa Onisaburo Deguchi, mtsogoleri wa chipembedzo chatsopano cha Ōmoto. Pamene ankafika ku Tanabe n'kuti bambo ake atamwalira kale kumayambiriro kwa Januwale 1920.

Imfayi inamusokoneza kwambiri. Patapita miyezi yochepa anasamukira ku Ayabe ndi banja lake lonse. Chaka chomwecho ana ake awiri aamuna, Takemori ndi Kuniharu, anamwalira ndi matenda. Mwana wina wamwamuna, Kisshomaru, anabadwa mu 1921. Pa nthawi yachisoniyi Ueshiba anadzipereka pa mapemphero ndi pa chinkon kishin, njira ya Ōmoto yokhazika mtima pansi pokhala chete ndi kupuma mwadongosolo. Ankayang'anira minda ya chipembedzocho, anakhazikitsa gulu lozimitsa moto, ndipo Deguchi anamulimbikitsa kutsegula dojo yakeyake. Mu 1922 Takeda anafika ku Ayabe n'kumupatsa chilolezo chophunzitsa Daitō-ryū.

Mu 1924 anaperekeza Deguchi pa ulendo wopita ku Manchuria ndi ku Mongolia, kumene Deguchi ankafuna kukhazikitsa ufumu wachipembedzo. Gululo linagwidwa ku Tongliao ndi asilikali a Zhang Zuolin. Anzawo a ku China anaphedwa, koma a ku Japan anapulumuka akuluakulu a ofesi ya kazembe wa dziko lawo atalowererapo.

Chaka chotsatira, 1925, panachitika chinthu chimene iye ankachiona ngati posinthira moyo wake. Msilikali wina wa pamadzi, wodziwa lupanga, anamuputa ndi lupanga lamtengo. Ueshiba analibe chida, ndipo ankangozinda mpaka msilikaliyo anatopa n'kugonja. Malinga ndi mmene ankafotokozera pambuyo pake, atatuluka kupita m'munda anamva ngati kuwala kwa golide kwamukuta, ndipo anazindikira kuti gwero la luso lankhondo ndi chikondi choteteza zamoyo zonse. Kuyambira pamenepo chiphunzitso chake chinayamba kusiyana pang'onopang'ono ndi cha Takeda.

Ku Tokyo

Mbiri yake inafika kwa Isamu Takeshita, mkulu wa asilikali a pamadzi, amene anamuitanira ku Tokyo kangapo kukaonetsa luso lake kwa akuluakulu. Mu 1927 Ueshiba anasamukira mumzindawo. Mu 1930 Kanō Jigorō, woyambitsa judo, anapita kukamuonerera ndipo anachita chidwi moti anatumiza ophunzira ake ena, kuphatikizapo Minoru Mochizuki, kuti akaphunzire kwa iye. Mu 1931 anatsegula dojo ya Kobukan m'dera la Ushigome, lomwe tsopano lili mu Shinjuku. Maphunziro a kumeneko anali owawa, moti anthu anaipatsa dzina loti dojo ya kugehena. Kalelo lusoli linkatchedwa mayina osiyanasiyana, koma lodziwika kwambiri linali aiki budō. Mabuku awiri ofotokoza njira zake anatuluka m'zaka zimenezi: Budō Renshū mu 1933 ndi Budō mu 1938.

Pa nthawiyi dziko la Japan linkakonzekera nkhondo, ndipo Ueshiba anali pafupi kwambiri ndi asilikali. Anaphunzitsa kusukulu ya asilikali ya Toyama, kusukulu za asilikali a pamadzi, kusukulu ya apolisi a usilikali komanso kusukulu ya akazitape ya Nakano. Ankadziwana ndi anthu a m'magulu okonda dziko mopitirira muyeso, ndipo anapita kangapo ku Manchuria, dera limene Japan analanda, kumene wophunzira wake Kenji Tomiki ankaphunzitsa payunivesite ya Kenkoku. Mu 1935 boma linamanga Deguchi, kenako linathetsa chipembedzo cha Ōmoto n'kugumula akachisi ake, koma Ueshiba sanatsekeredwe m'ndende chifukwa ena mwa akuluakulu a polisi ku Osaka anali ophunzira ake. Olemba mbiri a masiku ano amatchula ubale umenewu ndi asilikali pofuna kusonyeza kuti chithunzi cha Ueshiba ngati mphunzitsi wa mtendere chinakhwima makamaka nkhondo itatha.

Ku Iwama

Mu 1942 dzina loti aikido linayamba kugwiritsidwa ntchito mwalamulo pansi pa bungwe la Dai Nippon Butokukai, lomwe linkayang'anira maluso omenyana m'dzikolo. Dzinali lili ndi mawu atatu: ai, kugwirizana; ki, mphamvu ya moyo; ndi dō, njira. Chaka chomwecho Ueshiba, yemwe thanzi lake silinali bwino, anatula maudindo ake, anasiyira Kisshomaru dojo ya ku Tokyo, n'kusamukira ku Iwama, m'chigawo cha Ibaraki, kumene anali atagula malo. Kumeneko ankalima, anamanga dojo yaing'ono komanso kachisi wa Aiki. Ankakhulupirira kuti ulimi ndi luso lankhondo ndi chinthu chimodzi, choncho ophunzira okhala pakhomo pake ankagwira khasu masana n'kumaphunzira m'mawa ndi madzulo.

Japan atagonja mu 1945, mayiko amene ankalamulira dzikolo analetsa maluso ambiri omenyana. Dojo ya ku Tokyo inapulumuka mabomba ndipo munkagona mabanja amene nyumba zawo zinapsa. Ku Iwama maphunziro anapitirira mwakachetechete. Kumeneko n'kumene Ueshiba anakulitsa kaphunzitsidwe ka lupanga lamtengo ndi ndodo, komwe anakasunga bwino Morihiro Saito, wogwira ntchito kunjanji amene anayamba kuphunzira mu 1946. Mu 1948 boma linavomereza bungwe la Aikikai, lomwe likutsogolerabe aikido mpaka lero.

Kaphunzitsidwe kake ndi thanzi

Ueshiba anakana kuti mu aikido mukhale mipikisano. Ankaona kuti kufuna kupambana mnzako kumabala mantha ndi mkwiyo, ndipo kupambana kwenikweni ndi kudzigonjetsa wekha. Choncho ophunzira amachita awiriawiri mosinthana. Wina amaukira pogwira dzanja kapena pomenya, ndipo mnzakeyo amachoka pamzere wa nkhonyayo, n'kulowa pambali kapena kuzungulira, kenako amagwiritsa ntchito liwiro la woukirayo pomugwetsa kapena kumupanikizira pansi. Akachita kangapo amasinthana. Popeza aliyense amabwereketsa thupi lake kwa mnzake, wogwetsa amayenera kuyeza mphamvu zake malinga ndi msinkhu ndi luso la amene akugwetsedwayo.

Malamulo a kaphunziridwe amene analembedwa m'zaka za m'ma 1930 amasonyeza maganizo ake pa nkhani ya thupi. Amafuna kuti wophunzira azitsatira mphunzitsi m'malo moyesana mphamvu ndi anzake, kuti maphunziro azichitika mwansangala, komanso kuti tsiku lililonse aziyamba ndi mayendedwe opepuka n'kumawonjezera pang'onopang'ono, kuti ngakhale wokalamba athe kuchita nawo osavulala. Amanenanso kuti cholinga chake ndi kuphunzitsa thupi pamodzi ndi mtima.

Theka la nthawi ya wophunzira limathera pa ukemi, luso logwa bwino. Munthu amaphunzira kugubuduka kutsogolo ndi kumbuyo atabweza chibwano pachifuwa kuti mutu usagunde pansi, ndipo kulemera kwa thupi kumayenda kuchokera kumkono kudutsa kumsana m'malo mogwera pamalo amodzi. Kugwa ndi kudzuka kambirimbiri pa ola limodzi kumagwiritsa ntchito miyendo, chiuno, mapapo ndi mtima. Aphunzitsi ambiri amati pa zonse za mu aikido, luso logwali ndi limene munthu angaligwiritse ntchito kwambiri pamoyo wa tsiku ndi tsiku, monga akaterereka kapena akagwa panjinga.

Njira zopinda dzanja, chigongono ndi phewa, monga ikkyō, nikyō ndi kotegaeshi, zikachitika mosamala zimawongola minofu ndi kufewetsa mfundo za thupi. Ueshiba ankaziona ngati njira yoyeretsera mfundozo. Njira zina zimachitika munthu atagwada n'kumayenda ndi mawondo, monga ankachitira anthu m'nyumba za ku Japan wakale, ndipo zimalimbitsa chiuno ndi ntchafu. Komabe aikido si yopanda ngozi. Anthu amabinya manja, amavulala mapewa akagwa molakwika, ndipo mawondo amapweteka ngati munthu wachita mopitirira muyeso njira zogwadazo.

Pa nkhani ya maganizo, Ueshiba ankatsindika kapumidwe ndi kukhazikika. Wophunzira amauzidwa kuika maganizo ake pamunsi pa mchombo, kufewetsa mapewa ndi kutulutsa mpweya pamene akugwetsa mnzake, chifukwa thupi lokungika ndi mantha limachedwa ndipo limatopa msanga. Kuzolowera kugwidwa kapena kuthamangiridwa popanda kunjenjemera ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu ambiri amati aikido imawathandiza kupirira nkhawa ndi mikangano kunja kwa dojo. Iye mwini ankaona maphunziro onse ngati misogi, mwambo wa Chishinto wodziyeretsa. Ankasamba madzi ozizira, ankapemphera m'mawa ndi madzulo, ankatchula mawu opatulika mokweza, ndipo ankayamba maphunziro ndi mayendedwe ofanana ndi kupalasa bwato. Ophunzira ambiri a pambuyo pa nkhondo ankavomereza kuti nkhani zake za milungu ya Chishinto zinkawavuta kumva, ndipo mbali yachipembedzoyi inachepa pamene aikido inkafalikira kunja.

Moyo wa Ueshiba sunali wopanda matenda. Kuwonjezera pa beriberi ya paunyamata, anadwala kangapo ali ku Tokyo, ndipo mu 1941 anaonetsa luso lake pamaso pa a banja lachifumu akudwala chikasu. Ngakhale zinali choncho, mafilimu ojambulidwa ali ndi zaka zoposa 80 amamuonetsa akuyenda mopepuka pakati pa anyamata amene akuwagwetsa. Njira zake za kuukalamba zinali zofewa ndi zozungulira kuposa za m'zaka za Kobukan.

Zaka zomaliza ndi imfa

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ntchito yoyendetsa bungwe inali m'manja mwa Kisshomaru, amene anakonza maphunziro kuti anthu wamba, amuna ndi akazi, athe kulowa. Kale munthu ankafunika womuchitira umboni kuti aloledwe kuphunzira. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 aikido inaonetsedwa koyamba kwa anthu onse padenga la sitolo yaikulu ya Takashimaya ku Tokyo. Ueshiba ankayendayenda pakati pa Iwama, Tokyo ndi madera a kumadzulo kwa Japan akuphunzitsa. Mu 1960 boma linamupatsa mendulo ya nsalu yofiirira, yomwe imaperekedwa kwa anthu amene achita zazikulu pa maphunziro ndi luso, ndipo mu 1964 linamupatsanso mendulo ya Dzuwa Lotuluka. Mu 1961 anapita ku Hawaii kukatsegula dojo ya ku Honolulu. Mu 1968 nyumba yatsopano ya likulu la Aikikai inatsegulidwa pamalo pomwe panali Kobukan.

Anaphunzitsabe mpaka mu Malichi 1969, pamene anadwala n'kupezeka ndi khansa ya m'chiwindi. Anamwalira pa 26 Epulo 1969 ali ndi zaka 85. Phulusa lake linaikidwa kukachisi wa Kōzan-ji ku Tanabe. Mkazi wake Hatsu anamwalira patangopita miyezi iwiri.

Ophunzira ake ndi kufalikira kwa aikido

Popeza luso la Ueshiba linkasintha ndi zaka, ophunzira a nthawi zosiyana anatenga zinthu zosiyana. Gozo Shioda, wa m'zaka za Kobukan, anayambitsa Yoshinkan mu 1955, ndipo kalembedwe kake ka njira zolimba kamaphunzitsidwa kwa apolisi a ku Tokyo. Kenji Tomiki anayambitsa mipikisano payunivesite ya Waseda, zomwe zinasemphana ndi maganizo a mphunzitsi wake. Koichi Tohei, amenenso anadwala matenda a m'chifuwa ali mnyamata, anapititsa aikido ku Hawaii mu 1953. Iye anatsindika kwambiri za ki, kapumidwe ndi thanzi, ndipo mu 1974 anachoka ku Aikikai kukatsogolera bungwe lake. Morihiro Saito anasamalira dojo ndi kachisi wa ku Iwama mpaka imfa yake mu 2002.

Ku Ulaya aikido inafika koyamba ku France kudzera mwa Minoru Mochizuki mu 1951 ndi Tadashi Abe mu 1952, kenako Nobuyoshi Tamura mu 1964. Ku Britain inafika ndi Kenshiro Abbe mu 1955, ndipo Yoshimitsu Yamada anakhazikika ku New York mu 1964. Bungwe la aikido la padziko lonse linakhazikitsidwa mu 1976.

Ueshiba atamwalira, Kisshomaru anakhala Dōshu, kutanthauza mtsogoleri wa njirayo, mpaka imfa yake mu 1999, ndipo analowedwa m'malo ndi mwana wake Moriteru Ueshiba. Chithunzi cha woyambitsayo chimapachikidwa kutsogolo kwa dojo zambiri za aikido, ndipo ophunzira amachiweramira poyamba ndi pomaliza maphunziro. Chaka chilichonse pa 29 Epulo, ansembe a Ōmoto amatsogolera mwambo womukumbukira kukachisi wa Aiki ku Iwama.